Manja a Fodya ndi Galasi la a Gondwe

Ndikakumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, chimene chimayamba kubwera m'maso si nkhope za anzanga ayi, koma thumba la feteleza lokhomedwa pakhoma pafupi ndi bolodi. Linali thumba la feteleza wa chitowe, la makuponi omwe aja, long'ambidwa m'mbali n'kutambasulidwa, mbali yoyera kuyang'ana kwa ife. Pamenepo aphunzitsi athu a sayansi, a Gondwe, analembapo malamulo a kalasi ndi cholembera chakuda chonenepa. Mapepala akuluakulu sukulu yathu inalibe, koma matumba anali mbwee. Zinali zaka zimene makolo athu ankatandala padzuwa kudikira mayina awo kuti alandire kuponi, thumba limodzi n'kugawana mabanja awiri ndi mbale, ndipo thumba likatha silinkatayidwa. Linkasanduka chitseko cha bafa, choyanikira ufa, chikwama cha makope, ngakhale chofunda pamvula. Choncho malamulo athu a sayansi ankanunkha feteleza nthawi iliyonse kunja kukachita chinyezi.

Sukulu yathu inali chakumpoto kwa Kasungu, mbali za kwa Kaluluma, pamene minda ya fodya imayambira pakhomo penipeni pa kalasi n'kukathera kumene maso alekezera. A Gondwe anali munthu wamtali, wowonda, wolankhula Chichewa chokoma koma akakwiya pang'ono Chitumbuka chinkatulukira chokha. Mkwapulo sankagwira. Chimene ankagwira ndi thumba lija, kuligogoda ndi chala osanena kanthu, ndipo iwe wekha unkadziwa lamulo limene waphwanya. Loyamba linkati usanalembe chilichonse uyambe ndi deti. Lina linkati lemba chimene maso ako aona, osati chimene buku lanena. Panali loletsa kulawa kapena kununkhiza chinthu usanauzidwe, limene analiika chifukwa mnyamata wina chaka chapitacho ananyambita batire. Koma limene linkatizunza kwambiri linali la malabala. Tsiku loyamba lenileni anazungulira ndi chitini cha polishi kutolera labala aliyense m'kalasimo, nati mu sayansi mulibe kufufuta. Ukalakwitsa, ukhwatche ndi mzere umodzi wokha, woti mawu apansi pake azionekabe. “Chimene mwakhwatcha ine sindiwerenga, n'chanu chimenecho,” ankatero, “koma chisasowe.” Lachisanu lililonse tinkasinthana makope ndi amene takhala naye desiki imodzi, kuchongerana ndi pensulo ngati deti ndi chojambula zilipo. Ndiye pansi penipeni, pamene thumba linkathera, panali lamulo lolembedwa ndi timalemba tating'ono: amene kwawo akuthyola fodya asakhudze tomato. Mu Seputembala palibe amene analiwerenga kawiri lamulo limenelo.

Chuma chonse cha sayansi pasukulupo chinali chimodzi: galasi lokuza zinthu, lozungulira ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, lokhala ndi chogwirira chakuda chong'aluka chimene a Gondwe anachimanga ndi ulusi. Analiboola n'kulowetsamo chingwe cha nsapato, ndipo mwana mmodzi yekha ndiye ankalivala m'khosi kuyambira belu loyamba mpaka loweruka. Wovala galasi ndiye ankayang'anira chilichonse chimene kalasi yadzala kapena kusunga, ndipo chikawonongeka m'manja mwake ankalivula. Teremu yoyamba galasi linali langa. Sindibisa, ndinali mwana wanzeru pa sayansi, ndiponso ndinali mwana wodziwa kuti ndi wanzeru, zimene zili matenda ena pazokha. Ndinkayenda chifuwa patsogolo kuti galasi lizigunda mabatani a yunifolomu. Ndinaona nalo ubweya wa m'miyendo ya ntchentche, timabowo ta pansi pa tsamba la nyemba, mchenga umene unkasanduka miyala yamitundumitundu. Pa buleki atsikana ankandizungulira kupempha kuti aoneko, ine n'kumasankha ngati ndikugawa makuponi. Chimene ndinkakonda kuwaonetsa chinali chala changa chachikulu cha kumanja, chimene chili ndi chipsera chopingasa pamene singano yosokera fodya, ija ya sipoko ya njinga, inandilasa ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Pansi pa galasi chipseracho chinkaoneka ngati ngalande yodutsa pakati pa mizere ya m'munda, ndipo aliyense ankafuna kuonako kawiri.

Kenako Januwale anafika, fodya n'kuyamba kupsa masamba apansi. Amene sanakulire m'munda wa fodya sadziwa kuti nyengo imeneyi mwana sakhala wa sukulu, amangobwerekedwa. Tinkadzuka mame asanagwe pansi, kulowa m'mizere fodya akutifika m'mapewa, kuthyola masamba atatuatatu n'kuwapanira m'khwapa mpaka dzanja litachita dzanzi. Mame ankanyowetsa mpaka kabudula wam'kati. Fungo la fodya wamuwisi ndi lowawa, limakhala pakhosi, ndipo tsiku lina ukathyola usanadye limakuzunguza mutu mpaka kusanza m'ngalande. Tikatula mitolo m'chigafa, amayi ankatipatsa chimanga chowotcha kapena dzungu la dzulo, ife n'kuthamangira kusukulu tikudya m'njira. Poweruka kunali kusoka, kukhala pansi pa chigafa kulowetsa masamba pa ulusi, abambo akupachika pa mikangala, wailesi ikulira pa mtanda. Ndiye panali phula. Fodya wamuwisi amatulutsa utomoni womata umene umagwira fumbi n'kusanduka wakuda bii, kukuta zikhatho, kulowa m'zikhadabo ndi m'ming'alu yonse ya khungu. Ukafikisa zala umatuluka ngati tinyongolotsi takuda, koma wapansi pake umatsalabe. Sopo panyumba pathu nyengo imeneyo anali wochapira yunifolomu Lamlungu basi, kuyembekezera kuti fodya akagulitsidwe.

Sabata yachiwiri ya teremu, a Gondwe anatiimika pamzere panja, nati aliyense atambasule manja, zikhatho kumwamba. Kumbuyo kwathu pakhonde panali tomato wathu, aliyense wake, wodzalidwa m'zigubu zodula pakati za mafuta ophikira. Anatiuza kuti tomato ndi fodya ndi pachibale, ndipo pali nthenda ina ya fodya, ija imachititsa masamba mawanga achikasu n'kuwakwinya, imene imayenda pa zala za munthu. Anati kachilombo kake n'kakang'ono koti ngakhale galasi lathu silingakaone, ndipo sukulu ilibe sopo woti ana makumi asanu ndi limodzi azisamba tsiku ndi tsiku. Anayenda pamzerepo akuyang'ana manja akuda okhaokha. Atafika pa ine anaima nthawi yaitali, chifukwa ankandikonda, ndikudziwa. Ndinayamba kunena kuti ndizisamba ndi mchenga, koma anapukusa mutu nati, “Yayi, mwana wane. Lamulo silisankha nkhope.” Anandivula galasi pamaso pa onse, chingwe n'kukola khutu langa potuluka, ndipo anapita nalo kumapeto kwa mzere kumene kunaima Halima.

Halima anali mwana wa a Saidi, eni golosale yaikulu pamsika wathu. Banja lawo linali la Chisilamu, linabwera kudzachita malonda, ndipo munda wa fodya analibe ngakhale mzere umodzi. Anali mtsikana wachete, wamfupi, womanga mpango woyera kumutu, wolemba bwino kwambiri koma pa mayeso a sayansi sanandiposepo. Mpaka tsiku limenelo ndinalibe naye chifukwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumuona ngati ndikumuyang'ana pa galasi lomwe lija. Ndinaona kuti zikhadabo zake n'zoyera ngati mpunga. Ndinaona kuti akadutsa amasiya kafungo ka sopo wosambira, uja wokutidwa m'pepala, pamene ife tinkanunkha chigafa. Ndinaona kuti ngakhale zigubu zimene tomato wathu anameramo zinachokera kugolosale ya bambo ake, ndipo ndinaganiza kuti mwina n'chifukwa chake. Nsanje inandigwira ngati malungo. Chimene chinkandipweteka koposa n'choti galasilo sankanyadira nalo n'komwe. Ankalilowetsa m'kati mwa diresi kuti lisakandike, ndipo wina akapempha kuonako ankangomupatsa, osamudikiritsa, osamufunsa kuti wabweretsa chiyani. Ndinkati mumtima, munthu uyu sakudziwa chimene wanyamula.

Ndinayesa zonse kuti manja anga ayere. Ndinkakhula ndi mchenga wa kudambo, phulusa, gaga, mandimu osapsa a kwa aneba, mpaka khungu la m'zala linayamba kusendeka n'kumawawa ndikagwira madzi. Tsiku lina amayi anandipeza ndikukwecha zikhatho pa mwala wotsukira mapazi, misozi ili chuchuchu, ndipo nditawauza anangoseka pang'ono nati manja akudawo ndi amene adzandigulire yunifolomu ya ku sekondale, ndisawanyoze. Zinali zoona, koma kwa mwana wazaka khumi ndi zitatu zoona za mtundu umenewo sizithandiza. M'mawa mwake ndinalowanso m'munda, phula n'kubwerera pomwepo. Pa buleki tikamasewera phada ndinkakana kukhala mbali imodzi ndi Halima, chifukwa dzanja lake likatsika kukokera timiyala pafupi ndi langa kusiyana kwake kunkaoneka kwa aliyense. Pa fulaye ndinkamuponyera mpira mwamphamvu dala, kulunjika pachifuwa pamene panali galasi, kenako n'kuchita mantha kuti ndiliswa.

Tomato uja ankakula bwino pakhonde, pamene mvula yamphamvu sinkamufika. Ife a manja akuda tinkaloledwa kuthirira ndi kachitini titaima patali, kuyeza msinkhu ndi maso pa ndodo yolembedwa manambala, ndi kujambula m'kope. Kugwira kunali kwa Halima yekha. Lolemba ndi Lachinayi ankayamba ndi chigubu chake, chimene chinali choyamba kufupi ndi chitseko, n'kumatsika mzere wonse kuthyola mphukira za m'khwapa mwa masamba ndi zala, kumangirira ku timitengo, kutembenuza tsamba lililonse kuona ngati kuli nsabwe. Wanga anali wachisanu ndi chinayi pamzerepo, ndipo anali wamtali kuposa onse. Mbewu yake ndinaitenga kudimba la amayi, manyowa ndinatola ndekha m'khola la mbuzi. Kuima patali n'kumaonerera mwana wa m'golosale, amene sanadzalepo kanthu m'munda chibadwire, akugwiragwira tomato wanga n'kumamuyang'ana ndi galasi langa, zinkandipweteka moti nthawi zina ndinkalephera kujambula.

Maganizo oipa sanabwere tsiku limodzi. Anayamba ngati funso la sayansi, ndimo mmene ndinkadzinamizira. Kodi n'zoona kuti nthendayo imayenda pa zala? Abambo anali ndi mizere iwiri kumapeto kwa munda imene fodya wake anali wamawanga, wopinimbira, amene ankati tizimuthyola pomaliza. Ndinaganiza kuti tomato wa Halima yekha akadwala, a Gondwe adzaona kuti manja oyera alibe phindu, kuti munthu amene walephera kusamala chomera chake sangasamale za ena, ndipo galasi lidzabwerera kwa mwini wake. Mpata unapezeka Lachinayi lina mu Febuluwale. Lole yonyamula feteleza wa makuponi, amene anachedwa mpaka chimanga chitamasula kale, inatitimira m'matope pamsewu wa kutsogolo kwa sukulu. Belu la buleki litangolira ana onse anakhamukira kumeneko, aphunzitsi omwe, kukaona amuna akukankha ndi kuponya nthambi pansi pa matayala. Ine ndinatsala. M'thumba la diresi ndinali ndi masamba awiri a fodya wodwala uja, amene ndinali nditayenda nawo masiku atatu. Ndinawafinya m'manja mpaka madzi obiriwira anatuluka n'kusakanikirana ndi phula, ndipo ndinagwira masamba a tomato wa Halima limodzi limodzi, kuwatsina pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi. Kenako ndinathamangira ku lole n'kukakuwa nawo kuposa wina aliyense.

Sabata yoyamba sipanaoneke kanthu, ndipo ndinakhumudwa. Sabata yachiwiri timasamba ta kunsonga kwa tomato wa Halima tinayamba kutuluka topyapyala, topotoka, tamawanga obiriwira ndi achikasu. Ndinasangalala, sindinama. Ndinajambula chomera chakecho m'kope langa mosamala kuposa mmene ndinajambulirapo changa. Koma patapita masiku ochepa chigubu chachiwiri chinayambanso, kenako chachitatu ndi chachinayi, nthenda ikutsika mzere mwadongosolo ngati ikuitana mayina. Apa m'pamene mutu wanga wanzeru uja unazindikira chimene mwana aliyense wa mlimi wa fodya akanayenera kudziwa, chifukwa n'chimene abambo ankatiuzira kuti fodya wodwala tizimuthyola pomaliza. Halima ankayamba ndi chomera chake. Zala zake zoyerazo zinkatenga nthenda pa tomato wake n'kuigawa mokhulupirika kwa wina aliyense, Lolemba ndi Lachinayi. Ndinkawerenga zigubu m'mawa uliwonse. Ndinafuna kumuuza kuti asamagwire wanga, koma ndikanati chifukwa chiyani? Tsiku limene ndinapeza nsonga ya tomato wanga itakwinyika, maluwa ake oyamba akuyoyoka asanamange, ndinapita kuseri kwa chimbudzi n'kukalira, ndipo ngakhale pamenepo ndinkalira ngati wolakwiridwa.

A Gondwe anati mu sayansi chinthu chikakanika sitifuna womukwapula, timatsegula makope. Anatolera onse n'kukhala nawo masiku awiri. Atabwera anati makope akugwirizana pa chinthu chimodzi, nthenda inayambira pa chigubu choyamba n'kutsata njira ya wogwira. Anafunsa ngati pali amene anakhudza tomato ndi manja a fodya. Ine maso anali pa thumba la malamulo, manja ndakhalira. Kenako anatembenukira kwa Halima n'kumufunsa modekha ngati kugolosale kwawo amagulitsa ndudu, ndiponso ngati iye amathandiza kugulitsa. Halima anaimirira nati inde, Loweruka amakhala pakauntala, ndipo anthu ambiri amagula imodziimodzi, ndiye amazitulutsa m'paketi ndi zala. A Gondwe anagwira chipumi. Anati kachilomboko sikafa ngakhale fodya atauma n'kukulungidwa, ndipo kulakwa kwina n'kwawo chifukwa sanafunse. Komabe lamulo la galasi linali lomwe lija. Halima analivula yekha asanauzidwe, analipukuta ndi nsonga ya mpango wake n'kuliika patebulo. Tomato yense tinamuzula n'kukamukwirira m'dzenje kuseri kwa sukulu. Popeza tomato kunalibenso, manja akuda sanalinso mlandu, ndipo phunziro lotsatira linali la dothi ndi tizilombo ta m'nthaka. A Gondwe anandiitana kutsogolo n'kundiveka galasi lija.

Ndikufuna ndinene kuti chingwecho chinandiwotcha khosi, koma ndingakhale ndikunama. Masiku oyamba ndinakondwa. Ana a sukulu ndi ankhanza, ndipo sabata isanathe Halima anali ndi dzina latsopano, Mayi Ndudu, limene anyamata ankaliimba akamadutsa, ena n'kumayerekeza kusuta pensulo. Kwa mtsikana wa banja lopemphera ngati lawo dzina limenelo linali lolemera, ndipo tinamva kuti bambo ake anamuletsa kukhalanso pakauntala. Mtsikana amene ankakhala naye desiki imodzi anasamuka, nati tomato wake anafa chifukwa cha iye. A Gondwe ataona kuti Halima akukhala yekha, anandiuza kuti ineyo, monga wovala galasi, ndikakhale naye ndipereke chitsanzo. Ndimo mmene zinakhalira kuti Lachisanu lotsatira kope lake linabwera m'manja mwanga.

Ndinkayenera kungoyang'ana masamba a sabata imeneyo, koma nsanje inali isanathe. Ndinabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba kufunafuna pamene analakwitsa, pamene anaiwala deti, chilichonse choti ndidziuze kuti galasi silinkamuyenera. Kope lake linali laukhondo mokwiyitsa. M'kope lonselo munali malo amodzi okha okhwatchidwa, ndipo mzere wake unali wowongoka, wojambulidwa ndi rula. Pansi pa mzerewo mawu ankawerengeka bwinobwino, monga lamulo linkafunira. Analemba kuti: Lachinayi, tsiku la lole, buleki itatha. Tsamba lachitatu kuchokera pansi pa chomera changa lili ndi chidindo cha chala chachikulu, chakuda, chomata. Pambali pake anajambula chidindocho monga anachionera pa galasi, timizere tozungulirazungulira, ndipo pakati pake ngalande yopingasa. Pansi pa chojambulacho panali mawu atatu okha, nawonso okhwatchidwa: Chala ichi ndikuchidziwa.

Ndinayang'ana pambali. Halima anali atawerama pa kope langa, akuchonga ndi pensulo yake yosongoka bwino, nkhope ili phee. Anadziwa kuyambira tsiku loyamba. Anadziwa pamene ankaimirira kuyankha za ndudu, anadziwa pamene ankapukuta galasi ndi mpango, anadziwa pamene ndinkakhala pambali pake galasilo likulendewera pachifuwa panga. Analemba chimene maso ake anaona, chifukwa lamulo linkatero, kenako anachikhwatcha kuti a Gondwe asachiwerenge, chifukwa lamulo linkalolanso zimenezo. Chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero. Mwina ankaopa kuti mwana wobwera akaneneza mwana wa m'mudzi zinthu zingaipe kugolosale. Mwina sankakhulupirira kuti chidindo chimodzi chingadwalitse mzere wonse. Mwina anangondimvera chisoni, ndipo ganizo limeneli ndi limene linkandipsetsa mtima koposa. Pakuti chimene ndinamva pamenepo sanali manyazi okha. Inali nsanje yatsopano, yoposa ya sopo ndi zikhadabo. Ine galasi ndinalivala teremu yathunthu n'kumaonetsa anthu chala changa. Iye analivala masabata owerengeka n'kuona chinthu chenicheni, n'kuchijambula molondola chotere, n'kukhala nacho chete. Pa sayansi imene ndinkati ndi yanga, anandiposa.

Sabata yonse yotsatira ndinkakonza mawu oti ndikauze a Gondwe. Ndinkafika mpaka pakhomo la ofesi, n'kumva chingwe m'khosi, n'kubwerera. Lachinayi madzulo, nditakhala pansi pa chigafa pamene fodya anali atauma n'kusanduka wofiirira, ndinatsegula kope langa n'kulemba pakati pa tsamba kuti ndine amene ndinapaka fodya wodwala pa tomato wa Halima, ndinachita dala, ndinkafuna galasi. Ndinawerenga kawiri. Kenako ndinatenga rula n'kukhwatcha ndi mzere umodzi. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndikuchita: ndinkaulula kwa munthu yekhayo amene ankadziwa kale, ndi kubisira munthu yekhayo amene akanandilanda galasi. M'mawa mwake tinasinthana makope. Ndinamuona akufika pa tsambalo, akuima, akuwerenga pansi pa mzere. Sanandiyang'ane. Anatenga pensulo n'kuchonga pambali pake, chongi wamkulu bwino, monga timachongera chinthu cholondola. Pobweza kope anandiuza chapansipansi, “Waiwala deti.”

Galasi ndinakhala nalo mpaka chaka chinatha. A Gondwe sanadziwe, ndipo ndinamva kuti zaka zotsatira anawonjezera mawu pa thumba lija, oti ngakhale ogulitsa ndudu asakhudze tomato, kutanthauza kuti bodza langa linalowa m'malamulo a sayansi n'kuphunzitsidwa kwa ana ena. Dzina la Mayi Ndudu linamutsatira Halima mpaka Sitandade 8. Titalemba mayeso banja lawo linasamukira kwina, golosale inagulidwa ndi munthu wina, ndipo sindinamuonenso. Amayi sananame, manja akuda aja anandigulira yunifolomu ya ku sekondale. Lero ndimagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala china chaching'ono, ndimayang'ana tsiku lonse pa makina okuza zinthu amene a Gondwe akanawaona akanavula chipewa, ndipo manja anga amanunkha sopo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nakonso kuntchito kuli lamulo lomwe lija: m'kaundula mulibe kufufuta, ukalakwitsa umakhwatcha ndi mzere umodzi n'kusaina pambali. Anzanga amadabwa kuti bwanji ndimatenga nthawi ndikagwira rula.

Sukulu ija ndinadutsako chaka chatha. Anamanga makalasi atsopano, malamulo ali pa mapepala osindikizidwa, khonde la tomato linagumulidwa, ndipo a Gondwe anamwalira kalekale kwawo kumpoto. Thumba lija palibe amene akulikumbukira. Chipsera chokha ndiye chikadalipo pa chala changa, ndipo nsanje ija, ndikanena zoona, sinathe yonse, chifukwa mpaka pano ndikakumana ndi munthu wodziwa kuona chinthu n'kusadzitama nacho imandigwiranso. Halima, ngati uli moyo kwinakwake ndipo izi zakupeza, deti lenileni ndinaliiwaladi. Koma linali Lachinayi, tsiku la lole, nthawi ya buleki, ndipo chala chinali changa. Ulendo uno sindikhwatcha.